Onong'oneza a pa Chulu cha ku Chigayo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mawu anayamba kuwathawa atate anga. Tinkakhala ku Kanakantapa, pa munda umene makolo anga anapatsidwa atachoka kummawa, ndipo kudera lonselo munthu akangonena kuti "aSakala a pakamwa" aliyense ankadziwa kuti akunena atate. Sindikuwakometsera chifukwa choti anandibereka ayi. Mabanja amene tinalibe nawo ubale uliwonse ankabwera kudzawapempha kuti akawalankhulire pa nkhani za ukwati, pa maliro, ngakhale pamene ng'ombe za wina zalowa m'chimanga cha mnzake. Iwo ankavala jekete yawo yotuwa, n'kupita, ndipo pobwerako anthu amene m'mawa sankayang'anana amakhala atapatsana moni wa m'manja.

Zinayamba ndi tinthu tating'ono. Tsiku lina anandiitana ali pakhomo. "Esinati, nipase chija... chija cha kumunda chija." Ankafuna khasu. Ine ndi amayi tinaseka, iwonso anaseka nafe. Kenako mbuzi inasanduka galu, ndowa inasanduka "cha madzi chija," ndipo kusekako kunatha kokha popanda wotiletsa. Chimene chinatsekeratu zonse ndi tsiku limene anapita kukalankhulira banja lina pa nkhani ya ukwati. Anaimirira bwinobwino, n'kuyamba, koma atafika potchula mtundu wa eni mkazi anangoti kukamwa yasa, anthu onse akuwayang'ana. Anabwerako dzuwa lisanapendeke, anapachika jekete pamsomali, ndipo ku nkhani zotere sanapitekonso.

Anthu anayamba zawo zija, akuti wawalodza ndi amene anagonja pa mlandu wakutiwakuti. Achimwene anga, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, sanazimvere zimenezo. Anabwera, anawakweza minibasi mpaka ku Chongwe, kuchoka apo mpaka ku chipatala ku Lusaka. Kumeneko anati ndi matenda a muubongo, a mtundu wa matenda oiwalitsa aja, koma awa amayamba kudya mawu, zina zonse n'kumatsatira pambuyo. Mankhwala ochiza panalibe. Chimene chinalipo ndi munthu wophunzitsa odwala kugwiritsitsa mawu amene atsala. Popeza msewu wathu nthawi ya mvula umakhala matope okhaokha ndipo atate sakanatha kumapita ku Lusaka mlungu uliwonse, anagwirizana kuti munthuyo aziwaona pa foni. Achimwene anatisiyira foni yoonetsa nkhope, n'kundiphunzitsa ine podina, chifukwa amayi ankaopa kuti aiwononga.

Kwathu netiweki inali ndi malo ake. M'nyumba munalibe, pabwalo panalibe, kumunda ndiye osayerekeza. Inkapezeka pa chulu chachikulu chimene chinali kuseri kwa chigayo, ndipo anthu anali atachipondaponda mpaka pamwamba pake panasalala. Aliyense wofuna kuimba foni ankakwera pamenepo. Ndiye chinsinsi panalibe. Mkazi wokangana ndi mwamuna wake wa ku tauni ankakangana naye pamaso pa amayi onse odikira ufa, ndipo ena ankamuthandiza ndi mayankho ali pansi. Malo amenewo ndi amene anakhala chipatala cha atate anga.

Tsiku loyamba ndinanyamula kampando, amayi anatsagana nafe, ndipo atate anatsitsa jekete ija pamsomali n'kuivala. Pa foni panaoneka mayi wachitsikana, wa magalasi, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Anati dzina lake ndi Mutinta, ndipo ife tinkangomuti Ba Mutinta monga amanenera a ku tauni. Ndinamukonda chifukwa sanazungulire. Analankhula ndi atate eniakewo, osati amayi, ndipo anati, "Ba Sakala, sinizakunamizani. Matenda aya siyapola, mau yazapitiliza kuyenda. Koma mau yamene tizasebenzelapo manje, pamene mukali nayo, yamachedwa kuyenda. Nifuna nione yamene yayamba kuthawa, tiyagwile musanga. Maka maka maina ya bana banu."

Mawu amenewo ndinawasunga. Mayina a ana. Ndinali mwana, koma ndinamva bwinobwino kuti tili pa mpikisano ndi chinthu chimene sichipuma, ndiponso kuti dzina langa lili m'gulu la zinthu zimene zingapulumuke tikafulumira.

Kenako anayamba kuonetsa zithunzi pa foni, atate azitchula. Njinga anaitchula. Nkhuku anaitchula atavutika. Patabwera khasu anati, "Cha kumunda chija," n'kuchita ndi manja ngati akulima. Ba Mutinta anadikira, anawapatsa chiyambi cha liwulo, ndipo patapita kanthawi linatuluka. Patabwera mbuzi anati galu. Anyamata amene anakhala pa matumba a chimanga pansi pa chulu anaphulika nako kuseka. Amayi ena anagwira pakamwa, ena anayang'ana kumbali. Atate anamva, koma anapitiriza mpaka kumapeto. Pobwerera anali atatopa, thukuta lili kamukamu, komabe panjira anaima, n'kuloza khasu la munthu wina amene ankadutsa, n'kunena okha kuti, "Khasu." Anandiyang'ana monyadira, inenso ndinawanyadira.

Nkhani ya mbuzi inafika kwa atate aakulu tisanafike n'komwe kunyumba. Amenewa anali mkulu wawo wa atate, mimba imodzi, ndipo munda wawo unachita malire ndi wathu. Anali ndi ng'ombe zolimira zimene ifenso tinkadalira, anali ndi sola imene inkatchajira foni ija, ndipo anali ndi mawu amene sankabwezedwa. Madzulo anabwera, anakhala pa mpando wa atate, amayi atagwada chapatali monga achitira mkazi kwa mlamu wake wamkulu.

"Mng'ono wanga sangasekedwe na ana a pa chigayo ine nili moyo," anatero. "Munthu amene anakambira mabanja onse aya, lelo azifunsidwa dzina la mbuzi na kamtsikana ka ku Lusaka? Kuyambira manje nizipita nao ine."

Muyenera kumvetsa chinthu chimodzi cha kwathu. Wodwala sadziyankhira yekha. Mukapita kukazonda matenda n'kufunsa kuti mwagona bwanji, amayankha ndi amene akudwazika: wagona chonchi, wadya pang'ono, mutu wasiya koma miyendo ikadali. Wodwalayo amangokhala phee, n'kuvomereza ndi mutu. Timati n'kumulemekeza, kumupeputsira katundu. Ndi mwambo wabwino pa malungo. Pa matenda a atate unali poizoni, ndipo palibe munthu wamkulu ngakhale mmodzi amene anaona zimenezo.

Mlungu wotsatira atate aakulu anakwera nafe pa chulu. Anayang'ana foni, anaona mmene nkhope ya atate inkaonekera m'kabokosi kakang'ono pakona, n'kundiuza kuti, "Sendeza kuno. Ine nisaonekemo." Kenako ananjuta pambali pa kampando, pakamwa pawo pafupi ndi khutu la atate, penipeni pamene diso la foni silinkafika. Chigayo chinali chikulira. Chithunzi chinabwera, atate anayamba kufufuza liwu, milomo ikunjenjemera, ndipo asanalipeze atate aakulu ananong'oneza. "Mbuzi." Atate anabwereza. "Mbuzi." Matenda aja anali asanawalande luso lobwereza zimene amva, ndiye ankabwereza bwinobwino, mosaphonya. Ndowa. Nkhwangwa. Ng'ombe. Zonse zinatuluka motsatizana, ndipo Ba Mutinta anakweza nsidze modabwa.

Anafunsa ndithu, sindingamunamizire. "Kuli wina wamene ali pafupi na imwe, Ba Sakala?" Atate aakulu analowetsa nkhope yawo m'foni, akumwetulira mano onse panja. "Ni ine mkulu wao, mama, naperekeza chabe," anatero, n'kubwerera pamalo pawo paja. Mayi uja akanadziwa bwanji? Ankaona zimene foni inkamuonetsa, mawu ankaduladula, chigayo chinkabangula, ndipo pambuyo pathu ankadikiridwa ndi odwala ena. Pansi pa chulu anthu anaomba m'manja. Mayi wina anati aSakala achira, Mulungu ndi wamkulu. Onse ankaona amene akunong'oneza, ndipo onse ankaona kuti n'zoyenera.

Pobwerera atate sanaloze chilichonse. Anayenda kumbuyo kwathu, manja kumbuyo, maso pansi. Titayandikira kunyumba, atate aakulu atapatukira kwawo ndi foni kuti akaitchaje, atate anandigwira paphewa. "Nakamba bwino?" anandifunsa. Ndinati mwakamba bwino, atate. Anapukusa mutu. "Iyai. Akamba ni... ni aja." Analoza ndi mlomo kumene kunalowera mkulu wawo. Ankadziwa. Anthu ankaganiza kuti popeza mawu akuthawa ndiye kuti nzeru nazonso zapita, koma munthuyo anali momwemo, akuona zonse zimene ankamuchita, alibe mawu okanira.

Ndinawauza amayi tsiku lomwelo tikutola nkhuni. Ndinati zimene akuchita atate aakulu n'kunama, ndipo Ba Mutinta sangathandize munthu amene akuoneka ngati sakudwala. Amayi anamanga mtolo wawo osandiyang'ana. "Ni alamu anga," anatero. "Ningawauze chani ine? Ufuna chaka chino tilime na manja?" Ndinanenanso mlungu wina, ndi winanso, mpaka anandiopseza kuti ndikatchulanso andimenya. Foni inkagona kwa atate aakulu, ndiye kuimba mobisa sindikanatha. Ntchito yanga inali kuigwira mowongoka, mopendekera kumene andiuza, pakamwa nditatseka.

Zinapita choncho dzinja lonse. Chimanga chinamera, chinafika m'chiuno, chinachita ngaiyaye, ife tikukwerabe chulu kukachita sewero lathu. Ba Mutinta, poona kuti atate akuyankha zonse, anati zikuoneka kuti matenda akuyenda pang'onopang'ono, ndiye palibe chothamangira, tizikumana mwa apo ndi apo kuti nthawi ina apatse odwala ovutikitsitsa. Atate aakulu anatsika pa chulu tsiku limenelo chifuwa chili patsogolo ngati apambana mlandu. Kunyumba zinthu zinali kwina. Atate ankafuna madzi n'kumaloza mchere. Ankayamba chiganizo n'kuchisiya panjira. Akamva kuwawa penapake ankangobuula, amayi n'kumagwira apa ndi apo kufunsa kuti ndi pano kapena ndi apa. Mawu amene akanagwiridwa miyezi imeneyo anadutsa pamaso pathu limodzilimodzi.

Dzina langa linapita nthawi yokolola. M'mawa wina ndinawapititsira madzi osamba kumaso, ndinagwada, n'kuika beseni pansi. Anandiyang'ana ndi maso awo omwe aja achikondi, anatsegula pakamwa kuti andithokoze monga ankachitira masiku onse, ndipo panalibe kanthu. Anayesanso. "Zikomo... iwe... iwe..." Anatembenukira kwa amayi amene ankasesa pabwalo. "Uyu... amuitana ndani?" Amayi anati ndi Esinati. Atate anabwereza, Esinati, koma pofika masana linali litapitanso. Dzina limeneli anandipatsa ndi iwo eni, la amayi awo owabereka. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe ndipo sindinalire. Ndinatenga chitsononkho n'kumachikanda ndi zikhadabo mpaka zala zinatuluka magazi.

Patangopita masiku ochepa inakwana nthawi yokwera chulu. Pa chigayo panali anthu ambiri chifukwa aliyense anali ndi chimanga chatsopano. Ba Mutinta anati lero tisiye mbuzi ndi ndowa, tiyese zithunzi za pabanja zimene achimwene anamutumizira. Choyamba chinali cha amayi. Kunong'oneza, kubwereza. Chachiwiri cha achimwene. Kunong'oneza, kubwereza. Chachitatu chinali changa, nditavala yunifolomu ya sukulu, tsitsi litametedwa.

Atate anachiyang'ana chithunzicho, kenako anakweza maso n'kundiyang'ana ine kuseri kwa foni. Anandizindikira. Nkhope yawo inayamba kugwira ntchito, anali akukumba, ndipo ndinaona kuti mwina, mwina dzina lituluka. Asanafike kulikonse, ndinaona milomo ya atate aakulu ikuyandikira khutu lija. "Esinati." Atate anagwetsa maso. "Esinati," anatero, mouma, mmene ankanenera ndowa.

Sindinaganize. Dzanja langa linangopendeketsa foni pang'ono, kadanga kochepa kwambiri, ndipo m'kabokosi muja munalowa atate aakulu atanjuta, khosi atalitambasula, milomo ili pa khutu la mng'ono wawo. Ndinaigwira pomwepo osaisuntha. Kenako pakamwa panga panatseguka, ndipo mawu amene anatuluka anaposa chigayo.

"Ba Mutinta, onani! Ni awa amene ayankha! Kuyambira mvula ni awa! Atate sadziwa mbuzi, sadziwa ndowa, sadziwa dzina langa! Anaiwala dzina langa imwe muli kuomba m'manja!"

Mawu omalizawo ndinalozetsa kwa amayi a pansi pa chulu. Ngakhale wa chigayo anasuzumira pakhomo, ufa uli mbuu kumaso. Atate aakulu anadzuka pang'onopang'ono, maondo akulira, anandilanda foni n'kuizimitsa. Sanandimenye pamenepo. Anangoyang'ana amayi n'kunena kuti, "Mwana uyu munamulera ndimwe?" n'kutsika chulu.

Anandimenya ndi amayi, madzulo ake, ndi kamtengo ka mpichesi, atate aakulu ataima pamalire a munda kuti amve. Mwana wamkazi kunyoza atate ake aakulu pamaso pa anthu, kuwatchula abodza pa chigayo, sizinamvekepo. Amayi ankamenya akulira, ine ndinkalandira osalira, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri. Anati ndipite ndikagwade ndikapepese. Ndinapita, ndinagwada, chifukwa miyendo ya mwana imapita kumene yatumidwa. Koma atate aakulu atafunsa kuti ndabwera kudzanena chiyani, ndinati ndabwera kudzatenga foni ya achimwene. Anandiponyera foniyo pansi. Chaka chotsatira ng'ombe zawo sizinaponde m'munda mwathu, tinalima ndi makasu ine ndi amayi, ndipo kumudzi konse ndinatchuka kuti ndine mwana wamwano. Mpaka lero alipo amayi ena ku Kanakantapa amene akandiona amati ndi uja wa pa chulu.

Nditatenga foni ija, mawa lake ndinakwera chulu ndi amayi okha, titaitchajitsa pa kagolosale. Ndinkayembekezera kuti Ba Mutinta akalipa, ndipo kunena zoona ndinkafuna kuti akalipe, winawake wamkulu akwiyeko pamodzi nane. Sanakalipe. Anavula magalasi, anapukuta m'maso, n'kupepesa kwa amayi kuti sanazindikire msanga. Kenako anafunsa chinthu chimene palibe anali ataganizapo: kodi n'chifukwa chiyani munthu wamkulu akuphunzirira pa chigayo? Kuyambira tsiku limenelo tinasintha kachitidwe. Iye ankajambula phunziro n'kutumiza, ine ndinkakwera chulu ndekha kukalilandira, ndipo tinkakachitira kunyumba, pakhonde, popanda woseka. Ndinkawajambula atate akuyesa, n'kukweranso kukatumiza. Anatipatsa lamulo limodzi limene anabwereza mpaka linatilowa. "Osabauza. Balekeni bayese beka. Olo papite nthawi itali bwanji, lindilani. Ngati baloza na chala, ngati bachita na manja, naiyo ni nkhani, muiyankhe."

Ndinamufunsa ngati dzina langa lingabwerere. Anati tiyesa, koma liwu limene lapitiratu nthawi zambiri silibwera. Sananene kuti tikanayamba nthawi ya mvula bwenzi zili bwino. Ndikunena ndine, ndipo ndidzanenabe.

Mawu ena tinawagwira. Madzi. Kuwawa. Kuzizira. Dzina la amayi linakhala nawo nthawi yaitali ndithu, chifukwa linali lisanapite pamene tinayamba. Tinamata zithunzi pa katoni kuti akasowa liwu aziloza, ndipo kubuula kuja kunachepa. Kudikira kunali kovuta kuposa kulima ndi khasu. Umaona munthu akuvutika, liwu lili pa lilime lako iwe, ndipo thupi lonse limafuna kumuponyera. Amayi ankachita kudziluma mlomo. Dzina langa tinkaliyesa tsiku lililonse. Ndinkakhala patsogolo pawo, n'kudziloza pachifuwa. Ndikawauza ankabwereza, ndikapanda kuwauza kunalibe.

Tsiku lina masana, nyengo yotentha, tili pakhonde, tinangoona atate aakulu akulowa pabwalo. Anali asanapondepo chichitikire cha pa chulu. Anati abwera kudzaona mng'ono wawo. Amayi anawapatsa mpando n'kugwada chapatali, ine ndinawapatsa moni n'kupitiriza zimene tinkachita, chifukwa foni inali itatsamira kale pa njerwa ikujambula. Ndinadziloza pachifuwa. "Atate, uyu ni ndani?"

Atate anandiyang'ana. Milomo inayamba kuyenda popanda mawu. Anatseka maso, anawatsegula, anagwira m'mphepete mwa mpando. Nkhuku inadutsa pabwalo, kutali chigayo chinkamveka. Nthawi inapita yaitali, yochititsa manyazi, ya mtundu umene kwathu munthu wamkulu sasiyidwa alimo yekha. Ndinaona atate aakulu akusuntha pa mpando, kenako akuweramira kutsogolo, khosi lija likutambasuka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwenso, zibwere zimene zingabwere.

Anandiyambirira amayi. Sanadzuke pamene anagwada, sanakweze mawu, sanawayang'ane n'komwe kumaso. "Alamu," anatero. "Alekeni."

Atate aakulu anatembenuka ngati aponyedwa mwala. Amayi anabwereza, maso ali pansi. "Alekeni. Tilindira." Ndipo munthu uja, amene mawu ake sankabwezedwa, anabwerera m'mbuyo n'kutsamira mpando.

Tinadikira. Thukuta linatsika pa chipumi cha atate. Kenako anatambasula dzanja, anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa, ndipo liwu linatuluka, lolemera, lochokera pansi penipeni.

"Wanga."

Anapuma, n'kunenanso, akuyang'ana mkulu wawo, kenako amayi, kuti onse amve. "Wanga."

Apo ndiye ndinalira, kulira kumene ndinakana kuseri kwa nkhokwe ndi pa kamtengo ka mpichesi. Dzina langa sanalitchulenso okha mpaka imfa yawo. Anakhala zaka zingapo, mawu akuthothoka, mpaka anatsala chete, ndipo anamwalira ine nditatsala pang'ono kumaliza sekondale. Pa maliro analankhula ndi atate aakulu, ndani winanso. Anauza anthu kuti mng'ono wawo anali munthu wa pakamwa, ndipo ngakhale adokotala a ku Lusaka ankawayankha mafunso onse osaphonya. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinadzuka pakati pa amayi n'kupita kukaima kumunda mpaka atamaliza.

Lero ndine wamkulu, ndimagwira ntchito pa Chongwe, ndipo ndikapita kumudzi ndimawagwadira atate aakulu n'kuwapatsa moni monga mwa mwambo. Akalamba, maso achita khungu. Amayi amati ndiwakhululukire, ankateteza ulemu wa mbale wawo. Ndikudziwa kuti ankamukonda. Koma ndikudziwanso kuti chimene chinkawapweteka kwambiri ndi kuseka kwa anyamata a pa chigayo, osati kuvutika kwa atate, ndipo pofuna kutseka pakamwa pa anyamatawo anatidyera dzinja lathunthu limene silidzabwerera. Mtima wanga sunapole pa zimenezo, ndipo sindinamizira kuti unapola.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti kuyankhira munthu amene akufufuza mawu ake si chifundo nthawi zonse. Nthawi zambiri timatero chifukwa ifeyo ndi amene tatopa ndi kudikira, ifeyo ndi amene tikuchita manyazi. Ndikaona mwana wachibwibwi akuthamangitsidwa, kapena nkhalamba ku chipatala ikufunsidwa funso mwana wake n'kuyankha isanatsegule pakamwa, ukali wa pa chulu uja umandibwerera wonse, ndipo ndimalowerera ngakhale sizikundikhudza. Amati ndikadali wamwano. Nzoona.

Kavidiyo ka pakhonde kaja ndikadali nako. Ndikakaonera ndimayang'ana khosi la atate aakulu likutambasuka, ndipo ndimadziwa chimene chikanachitika amayi akanapanda kulankhula. Akananong'oneza Esinati, atate akanabwereza Esinati, yankho likanakhala lolondola, ndipo ine ndikanachoka pakhonde paja chimanjamanja. Dzina langa aliyense akanatha kuwauza. Liwu limene anandipatsa tsiku lija panalibe wowanong'oneza, analikumba okha.